Kabotolo ka Amama

Ana anga amati ndine mayi wovuta. Munthu akangotsokomola kawiri m'nyumba mwanga, ine ndayamba kale: wayamba liti, ukutuluka thukuta pogona, kuchipatala wapita? Amaseka, amati ndikanakhala dokotala odwala onse akanathawira pazenera. Asiyeni aseke. Sadziwa kuti ine ndinapimidwapo chifuwa ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo kabotolo kamene ndinalavuliramo sikanali kanga.

Tinkakhala cha ku Palabana, kuseri kwa mafamu a ng'ombe zamkaka. Sitinali eni dziko ife. Atate ndi amama anachokera kummawa, kwa Achewa anzathu, ine ndili kumsana, atate atapeza ntchito yokama ng'ombe pafamu ina. Asoli, eni nthaka, anatipatsa munda m'mphepete mwa dambo, dothi lakuda lomata kukhasu. Tonse obwera tinkadziwa lamulo limodzi, ngakhale sindikumbuka munthu amene anatiuza: munda wopempha sugonekedwa. Ukausiya chaka chimodzi osalima, eni ake amati wakhuta, n'kuupatsa wina wanjala. Atate atamwalira, pafamu anatitulutsa m'nyumba ya ntchito, ndipo chimene tinatsala nacho padziko lapansi chinali munda umenewo ndi kanyumba kamene amama anamanga pamutu pake. Ana tinalipo atatu, akazi okhaokha, woyamba ine.

Amama anali aafupi, owuma thupi, a pakamwa pakuthwa. Mkwiyo umene ana anga amadandaula nawo ndinautenga kwa iwo. Kutsokomola anayamba nthawi yokolola, n'kuti ndi fumbi la chimanga. Itafika mphepo ya Juni anati ndi kuzizira. Kutatentha anati ndi fumbi la mumsewu. Chifuwa chimodzi chomwecho, koma mwezi uliwonse ankachipezera mwini wake watsopano. Chitenje chimene kale ankamanga kamodzi anayamba kuchizunguliza kawiri, ndipo ukawafunsa ankati, "Ukufuna ndinenepe ndi chiyani, ndi mafunso akowo?"

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo wopanda khadi la Chipani ankavutika ngakhale kugulitsa tomato pamsika. Wapampando wa nthambi yathu, amene tonse tinkangomutcha ba Cheyamani, sanali munthu woipa. Anali bambo wamimba, wokonda misonkhano ndi Chingerezi chothyokathyoka. Tsiku lina kumapeto kwa Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana, anatiitana tonse pansi pa mtengo wa pafupi ndi depoti ya feteleza. Pambali pake panaima Landirova yoyera ndi anthu anayi ovala makhoti oyera.

"Aba ni ma dokota ochoka ku sukulu ya udokota mu tauni," anatero ba Cheyamani. "Babwera kupima vifuba. Munthu aliyense mukulu azalavula mu botolo. Wokana, ninshi akana chitukuko!"

Tinaomba m'manja. Nanga ukanatani? Kwathu munthu sankakana ndi pakamwa. Ankavomera pamsonkhano, mutu uli gwede gwede, kenako n'kukapeza njira yake kuseri kwa nyumba.

Mwa alendowo, atatu anali ophunzira, ndipo mmodzi mwa ophunzirawo anali mtsikana. Ndinamuyang'anitsitsa mpaka kuiwala kutseka pakamwa, chifukwa ndinali ndisanaonepo mkazi wakuda wophunzira udokotala. Anali wamtali, nsapato zake zansalu zitafiira ndi fumbi lathu. Iyeyo ndiye anafotokoza, m'Chinyanja cha m'tauni chosakaniza ndi Chibemba. Anati akufufuza kuti m'midzi muli anthu angati oyenda ndi chifuwa chachikulu osadziwa. Aliyense alandira kabotolo, alavuliremo makhololo a m'mamawa, iwo akawayang'ana pa makina oonera tizilombo. Wopezeka nacho amuchiza ulere. Ayamba wagona kuchipatala miyezi iwiri, jekeseni tsiku ndi tsiku, kenako azimwa mapiritsi ali kwawo. Ana osakwana zaka khumi ndi zisanu salandira kabotolo, pokhapokha m'nyumba mwawo mutapezeka wodwala.

Ndinali pafupi ndi amama. Ndinawaona akupinda zala ziwiri pamwendo pawo, chala cha Novembala ndi chala cha Disembala. Kudzala ndi kupalira konse kunali m'zala ziwirizo.

Tsiku lomwelo anayenda nyumba ndi nyumba, akulemba nambala pazitseko ndi choko. Yathu inali fote thuu. Mtsikana uja analemba nambala yomweyo pa kabotolo kagalasi kokhala ndi chotsekera chakuda, n'kuwapatsa amama, iwo n'kulandira ndi manja awiri atagwada pang'ono, ngati munthu wolandira mphatso.

M'mawa mwake, ndikusesa pabwalo, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Lavulira umu."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "Amama, si kanu kameneko?"

"Ndati lavulira umu. Makutu unasiya pamphasa?"

"Ine ayi. Anena kuti achiza ulere. Inuyo mukutsokomola kuyambira nthawi yokolola, mukuganiza kuti sitikumva?"

Ndinayankhula mokweza, ndipo ndinadikira khofi. Silinabwere. Anakhala pansi pamwala wa nkhokwe, n'kuyankhula motsitsa, zimene sankachita kawirikawiri.

"Ndikakwera galimoto ija, adzalima ndani? Iwe, ndi mayeso ako a Giredi Seveni? Kapena ang'ono akowa, amene khasu likuwaposa msinkhu? Mvula ikugwa sabata yamawa. Munda ukagona, eni ake autenga. Ndiye tidzadya chiyani, nambala ya pachitsekoyo? Atate ako anatisiyira dothi lokhali. Ndisiye ndidzale, ndipalire, ndikolole. Ndikakolola ndidzapita ndekha ndi miyendo yanga, ndi kundibaya andibaye mpaka atope."

"Mukulonjeza?"

"Ndinayamba ndakunamizapo ine?"

Anali asanandinamizepo. Ndinatenga kabotolo kaja, ndinalavuliramo, iwo n'kutseka bwinobwino, n'kukapukuta ndi nsonga ya chitenje.

Patapita masiku atatu Landirova inabweranso, ndipo kabotolo ka fote thuu kanali m'gulu la timabotolo tokanidwa. Mtsikana uja anafotokoza moleza mtima kuti munali malovu okhaokha. "Amayi, sitifuna mata ya mukamwa," anatero. "Tifuna vija vochoka pansi pa chifuba, vamene vimabwera mukakosola maningi." Anawapatsa kena katsopano. Mumtima ndinati Mulungu watithandiza, chifukwa ine makhololo ndikanawatenga kuti, munthu wopanda ngakhale chimfine?

Koma amama sanali munthu wogonja ndi kabotolo. M'mawa wotsatira anakoleza makala pambaula, anaponyapo tsabola wouma wodzaza dzanja, anandilowetsa m'khitchini n'kutseka chitseko. Mayo ine, utsi umenewo! Maso anatupa, mamina anayenderera, ndinatsokomola mpaka ndinaona ngati nthiti zithyoka. Panja, utsi wochepa wotulukira m'ming'alu unawapeza amama, ndipo iwo anatsokomola kuposa ine amene ndinali m'kati. Nditatuluka ndi kabotolo kali ndi zimene ankafunazo, tinayang'anana, tonse misozi ili chuchuchu, n'kuyamba kuseka. Tinaseka mpaka kugwirana mapewa. Mulungu andikhululukire, ndiko kuseka komaliza kumene ndimakumbuka ndikuseka ndi amama.

Kutsidya kwa dambo kunkakhala mnzawo wa amama, mayi wachisoli amene tinkamutcha amake mapasa. Ankasinthana mbewu, ankapita limodzi kuchigayo, ankatukwanirana nkhuku. Nayenso ankatsokomola, koma iye analavula yekha m'kabotolo kake, ndipo anamupeza nacho. Tsiku lodzamutenga analira ngati akupita kundende, akulangiza ana ake aamuna za ng'ombe ndi pulawo ali kale m'galimoto. Amama anamupatsa mtedza wokazinga m'kansalu. Pobwerera anandinong'oneza, "Waona? Iyeyo ali ndi abale mudzi wonse. Ife tili ndi yani?"

Tsiku lomwelo, alendowo asananyamuke, mtsikana uja anafika kwathu ndi buku lake, ba Cheyamani ali pambuyo, dalaivala akuyendetsa galimoto pang'onopang'ono m'kanjira. Amama anali akuchokera kuchitsime. Atangotula ndowa, chifuwa chinawagwira, chija chowapinda pakati mpaka kugwira maondo. Mtsikanayo anaima chilili. Anayang'ana m'buku, anayang'ana amama, anayang'ananso m'buku.

"Buku ikamba ati muli bwino," anatero. "Koma ine matu yanga yakamba vina."

Anatulutsa kachipangizo kake komvera m'chifuwa, anawagunditsa kumsana, anamvetsera nthawi yaitali. Kenako anatulutsa kabotolo kena m'thumba la khoti. "Amayi, nipempha mulavule manje manje, nili pano."

Amama anakonza mpango wawo modekha. "Mwanawe, kwanu amatero? Ine munthu wamkulu, wamasiye, ndikhale ndikukoka makhololo pamaso pa azibambo awa? Ndakupatsani kawiri konse. Kachitatu mukufuna mukathire m'munda?"

Ba Cheyamani anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Ba dokota, mu nthambi yanga mulibe boza. Aba amayi ni ba membala ba bwino, khadi yao ili na masitampa yonse."

Mtsikanayo sanaseke. Anandikodola, tinapita pambali pa mtengo wa mango, ndipo anandiyankhula m'Chingerezi kuti amama asamve. Ine Chingerezi ndinkachinyadira kwambiri, ndinali woyamba m'kalasi. Anandifunsa dzina, anandifunsa sukulu, anati ndikalimbikira ndidzavala khoti ngati lake. Kenako anawerama mpaka maso ake analingana ndi anga, n'kundifunsa ngati ndinawaona ndi maso anga amayi anga akulavulira m'kabotolo kaja. Anati ndisaope, palibe amene adzalangidwe. Anati yankho langa likhoza kuwapulumutsa.

Ndinacheuka. Amama anali ataima pafupi ndi ndowa, nkhata ili m'manja, akundiyang'ana. Sanandiopseze ndi maso, sanapukuse mutu. Sankadziwa n'komwe chimene ndafunsidwa. Kumbuyo kwawo kunali munda, mizere titaikonza kale, ukudikira mvula.

Ndinayankha m'Chingerezi changa chabwinocho kuti inde, ndinawaona.

Bodza la m'kabotolo ndinachita kutumidwa. Ili la pansi pa mango palibe anandituma, linali langalanga.

Dalaivala analiza hutala, akuti mafuta ndi ochepa ndipo kwatsala midzi iwiri. Mtsikanayo analemba kalata mofulumira atatsamiza buku pabondo, n'kuwapatsa amama. Anati chifuwa chikapitirira apite nayo kuchipatala chachikulu, sakawabweza. Amama anathokoza, anaipinda kanayi, n'kuiika m'buku la nyimbo za kutchalitchi. Atapita alendowo anandifunsa, "Amati chiyani m'Chizungu chija?" Ndinati amafunsa za sukulu.

Mvula inagwa, tinadzala. Chaka chimenecho chimanga chinamera ngati chikudziwa mtengo wake, chobiriwira mpaka kuda. Amama ankalowa m'munda kusanatenthe n'kutuluka dzuwa litapendeka. Kupalira koyamba anapalira ataimirira. Kwachiwiri ankapalira atagwada, akukhala pansi kumapeto kwa mzere uliwonse. Ndikawauza kuti apume ankati, "Udzu ukupuma?" Ine ndinalemba mayeso anga n'kulowa m'munda limodzi ndi amama, ndipo ndinkawerenga miyezi yotsala kuti tikolole ngati kuti chifuwacho chinagwirizana nafe kuti chidikira.

Mu Januwale amake mapasa anabwerera. Tinachita kumuiwala! Masaya atatuluka, khungu likuwala, akuyenda motsimphina pang'ono chifukwa cha majekeseni, akutukwana manesi ndi nyemba za kuchipatala, koma wamoyo, wonenepa. Anabwera kudzationa atanyamula mapiritsi ake m'kachitini. Atakhala pamphasa anamva amama akutsokomola, ndipo nkhope yake inasintha.

"Mnzanga, icho chifuwa nichidziwa. Nagona nacho chipinda chimodzi miyezi iwiri. Nanga iwe anakusiya bwanji?"

Amama anazungulira uku ndi uku, koma kwa mnzawoyo sakanabisa. Za kabotolo sananene. Anangoti sakanatha kusiya munda, poti munda wopempha ukagona umalandidwa.

Amake mapasa anaomba m'manja kamodzi, n'kugwira pakamwa. "Iwe mkazi iwe! Ndani anakuuza zimenezo? Munda amalanda kwa waulesi, kwa uja wathawira m'tauni. Ndani angalande munda wa munthu ali gone m'chipatala? Tili nyama ife? Wanga anandilimira ana anga masiku awiri chabe, ng'ombe n'kumangokhala. Ukanangotsegula pakamwa, akanadzakulimira ndi wako womwe. Zaka zonsezi tidyera mbale imodzi, ukationa ngati anthu olanda wamasiye?"

Ine ndinali pakhomo ndikusenda maungu. Mpeni unagwa m'manja. Zaka khumi ndi zitatu tinakhala pakati pa anthu amenewo, ndipo lamulo limene tinkaliopa kuposa imfa sitinafunsepo mwini wake ngakhale mmodzi kuti limafika pati. Tinkangouzana tokhatokha obwera, kuchigayo ndi kutchalitchi, aliyense akuwonjezera pang'ono.

Amama anangoti, "Kwa eni kulibe mkuwe, mnzanga." Mawu anatuluka aang'ono.

Mungaganize kuti mawa lake tinapita kuchipatala. Sitinapite. Munthu akalipira mtengo waukulu pa chinthu, safuna kumva kuti chinali chaulere. Amama anati tithire kaye feteleza wachiwiri. Kenako mtsinje unadzaza, galimoto zinasiya kufika. Kenako anati chimanga chayamba ngaiyaye, akuba ndi anyani ayamba, adikire chikhwime. Ine ndinkakangana nawo, koma mkangano wanga unali wopanda mano. Ndikanena kwambiri ankandikumbutsa kuti analonjeza zokolola, ndipo kukolola sikunafike. Kupita ndekha kwa ba Cheyamani kapena kwa amake mapasa kukaulula za kabotolo ndinkaopa. Ndinkaopa kuti adzati mwana uyu ananamiza boma. Ndi zoona zimenezo, ndinkadziopera ndekha.

Mu Malichi, ndikuchapa kudambo, ndinapeza magazi pa chitenje chawo, apa ndi apa, pamene ankatsekera pakamwa. Ndinasiya zochapa pamwala pomwepo. Ndinathamangira kunyumba, ndinatsegula buku la nyimbo, ndinatulutsa kalata ija, ndipo ndinawakalipira amama anga ngati ndikukalipira mwana. Ndinati mukufuna mutisiyire chimanga m'malo mwa mayi? Ndinati chimanga chidzatiluka tsitsi, chidzatiyankha tikaitana? Anali gone pamphasa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Pakamwa ngati amako. Kaitane ngolo."

Ana a amake mapasa anabwera ndi ngolo ya ng'ombe, osafunsa kanthu, n'kutifikitsa kumsewu. Kumeneko tinakwera galimoto yonyamula mkaka, amama atatsamira zitini zozizira. Kuchipatala anawerenga kalata ija, ndipo monga ananenera mtsikana uja, sanatibweze. Anawapatsa bedi, anawapatsa kabotolo. Analavuliramo okha, pamaso pa madokotala aamuna ndi aliyense wodutsa, manyazi onse atatha. Zimene zinatulukamo sizinafunenso makina kuti munthu adziwe.

Anawabaya majekeseni aja. Anawabaya tsiku ndi tsiku, pamene panalibenso mnofu wobaya. Dokotala wina wachikulire anandifunsa kuti chifukwa chiyani tinachedwa chonchi, kalata inalembedwa kalekale. Ndinkagona pansi pa bedi la amama, ndinkawasambitsa, ndinkawamwetsa phala limene ankalibweza. Anakhala masabata atatu.

Tsiku lina masana, kunja kukuwala bwino, anandigwira dzanja. Anafunsa ngati nkhokwe taimata, chifukwa chimanga cha chaka chino sichikwana m'nkhokwe yobooka. Ndinati tidzaimata. Kenako anati, "Za kabotolo kaja usadzazisenze. Ndinakutuma ndine. Mwana wotumidwa alibe mlandu. Wamva?"

Ndinati ndamva. Pakamwa panga panadzaza mawu ena, a pansi pa mango, oti amama, dokotala uja anandifunsa, ndipo ndikanangoti ayi mukanakwera galimoto limodzi ndi amake mapasa, bwenzi pano mukutukwana nyemba za kuchipatala muli kunyumba. Sindinanene. Ndinati ndidzawauza akapezako bwino. Anandikhululukira bodza limene ankalidziwa, ndipo anamwalira m'mawa wa tsiku lachiwiri osadziwa kuti panali linzake.

Pamaliro panabwera mudzi wonse, Asoli ndi obwera omwe. Ufa unachepa, ndiye amayi analowa m'munda mwathu n'kuthyola chimanga chimene chinali chitayamba kuuma, anachiyanika, anakagayitsa. Anthu anadya n'kumayamikira kuti malemuwa analima chaka chino. Ine nsima ya chimanga chimenecho sindinaidye. Itakwana nthawi yokolola, anthu omwewo anabwera ndi ngolo zawo, anatikololera, anatimatira nkhokwe, anamanganso ina chifukwa imodzi sinakwane. Za kulanda munda palibe anatchulapo. Mkulu wina wa eni nthaka anangoti, "Ana inu, munda ndi wanu uwu, amanu anaugwirira ntchito." Azakhali anabwera kuchokera kummawa kudzakhala nafe, ndipo sukulu yanga inathera pomwepo, ngakhale mayeso ndinakhoza.

M'nyengo yozizira Landirova ija inabweranso. Ankayendera nyumba zonse za manambala kuti aone mmene anthu akhalira. Nambala yathu mvula inali itaifufuta, kutsala mchira wa thuu. Mtsikana uja anatsika ndi buku lake lomwe lija, ba Cheyamani ali pambuyo monga kale. Anandizindikira, anamwetulira, anatsegula buku.

"Fote thuu. Amayi ba pano, chifuba chili bwino. Bali kuti, ku munda?"

Ba Cheyamani anavula chipewa. Mtsikanayo anayang'ana chipewacho, anayang'ana mutu wanga wometedwa, ndipo kumwetulira kunazima.

Ndinamuuza zonse. Sindinayankhule Chingerezi tsiku limenelo, ndinanena m'chinenero cha amama, mokweza, ba Cheyamani ndi dalaivala akumva. Ndinanena za kuseri kwa nkhokwe, za tsabola pambaula, za pansi pa mango. Ndinkafuna andikalipire. Ndinkafuna wina andimenye khofi limene amama sanandimenye.

Mtsikanayo anakhala pa mtondo umene unali chafufumimba pabwalo, khoti loyera likukhudza dothi. Kenako anati, "Ninaziba. Matu yanga yananiuza. Nikanabatenga kumbali kwa nyumba, kwamene kulibe bamuna, nikanayembekeza. Koma ninamvera hutala." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Ba Cheyamani ankangozunguza chipewa m'manja, Chingerezi chonse chitawathera.

Mtsikanayo anatenga cholembera n'kudula mzere wa amama m'bukumo. Anati zimene zinalembedwa pamenepo sizinali za iwo, ndipo kusiya choncho n'kunamiza onse odzawerenga. Analemba mawu ena m'mphepete. Anandiuza kuti akanena kwa aphunzitsi ake kuti kumene akupita azitenga mayi aliyense payekha, mkazi mnzake ali pomwepo, ndipo asanapereke kabotolo azifunsa kaye kuti munda adzakulimira ndani. Kaya anachitadi, sindidziwa. Sindinamuonenso chichokere tsiku limenelo, ndipo dzina lake sindinalifunse.

Popeza tsopano m'nyumba mwathu munali mutapezeka wodwala, ife ana tinayenera kupimidwa, zimene zikanachitika kale mu Novembala. Anatitenga tonse atatu kukatijambula m'chifuwa. Mng'ono wanga wotsiriza, amene ankagona mphasa imodzi ndi amama, anamupeza nacho chitangoyamba. Anamuchiza, anachira, lero ndi mayi wa ana asanu ndipo amanenepa chaka ndi chaka. Ine anandipatsanso kabotolo, kolembedwa dzina langa. Kanatuluka koyera ngati ka tsabola kaja. Chifuwa changa n'cholimba mpaka lero, ngakhale chimfine chimandilambalala, ndipo anthu akamandiyamikira nazo ndimamva ngati akunditukwana.

Anthu ayesa kunditonthoza. Azakhali ankati unali mwana. Abusa anati tsiku la munthu likakwana lakwana. Amake mapasa, amene anakhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulutudzi, ankati mlandu ndi wa mantha, si wako. Mwina n'zoona. Koma onsewo sanaime pansi pa mango paja. Amama ndimawakwiyirabe nthawi zina, ndimawakalipira ndili ndekha kuti mayi inu, munali ndi pakamwa potha kukangana ndi msika wonse, munalephera bwanji kuwoloka dambo kukafunsa funso limodzi? Ndikatha kuwakalipira ndimawasowa mpaka m'mafupa.

Munda uja ndikulimabe. Mtengo wa mango uja ulipo, unakula, ana amadyapo. Ndikamapalira cha kumeneko funso lija limandipeza, m'Chingerezi chake chomwecho, ndi mawu ake aja odekha: kodi unawaona ndi maso ako amayi ako akulavulira m'kabotolo? Ndimaimika khasu n'kuyankha mokweza, moti odutsa amayesa ndayamba misala. Ndimati ayi, sindinawaone, ndinalavula ndine, atengeni. Ndayankha choncho chaka ndi chaka, koma galimoto ija inanyamuka kale.